Chizungu cha pa Ubao

Ababa anali mwalimu wa madrasa kwathu ku Liwaladzi. Dzuwa likangopendeka, ana a m'mudzi monse ankadzaza khonde lathu, aliyense atanyamula ubao wake, kathabwa kosalala kolembapo mawu a m'Kurani. Ankawerenga mokweza onse pamodzi, matupi akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, Ababa ali pampando wawo wandalema, maso chitsinzinire, kamtengo kali pamiyendo. Mlendo akanati agona. Koma mwana angodumpha liwu limodzi pakati pa chiphokoso chonsecho, kamtengo kaja kankamupeza pamwendo. Khutu la bambo amene uja silinali lamasewera.

Ine ndinali mwana wawo woyamba, komanso mtsikana yekhayo pa mdadada wa nyumba zathu amene anafika ku sekondale. Inali nthawi ija matipate atangolowa, pakamwa pa aliyense patamasuka, wailesi ikungolira ndale tsiku lonse. Sekondale yakeyo musaganize za nyumba zapamwamba ayi. Tinkaphunzirira m'chinyumba chakale chosungiramo mpunga, tili pa njerwa, makope ali pamaondo. Dikishonale inalipo imodzi sukulu yonse, ndipo inkagona kunyumba kwa aphunzitsi athu a Chizungu, bambo wamtali wa njinga yopanda mabuleki.

Aphunzitsi amenewa anali ndi kachitidwe kawo. Lolemba lililonse ankadzaza bolodi ndi mawu ovuta, liwu uku, tanthauzo lake m'Chizungu chomwecho uku. Ankati, "Awa si mawu ogulira usipa kudooko. Awa ndi mawu a m'mabuku, a jogalafe, a sayansi, a mbiri yakale. Wopanda mawu awa, pepala la mayeso lizidzamulankhula iye ali duu." Lachisanu m'mawa ankatiyesa: iwo kutchula liwu, ife kulemba tanthauzo. Ndisawanamizire, ankatiuzanso kuti tizipanga ziganizo zathuzathu ndi mawuwo. Koma zimenezo sankachonga, poti tinalipo ochuluka zedi ndipo iwo anali okha Fomu 1 mpaka Fomu 4.

Ine ndinkalakwa, ndipo osati pang'ono. Mawu ngati consequence, evaluate, significant ankanditerera m'mutu ngati mlamba m'manja. Ndiwagwire Lolemba, pofika Lachitatu apita.

Tsono kunali amalume, achimwene awo a amayi, eni mbumba, a golosale ku Dwangwa. Kwathu mawu a malume pa mwana wa mlongo wake ndi olemera, ndipo amalume angawa ankadziwa kuwalemeretsa. Tsiku lina ndili kuseri kwa mpanda ndikupeta mpunga, ndinawamva akuuza Ababa.

"Alamu, mapanga awiri avumbwitsa. Mwanayu uku madrasa, uku sukulu, ndipo kusukuluko sakutolako kanthu. Akamaliza Fomu 2 abwere ku Dwangwa azikathandiza akazi anga kugolosale ndi kulera ana. Mwamuna adzapezeka komweko."

Ababa anafunsa mofatsa, "Nanga Chizungucho chikamulowa, alamu?"

"Chikamulowa ndidzamva ndi makutu angawa. Za mapepala ayi, pepala ndi pepala. Ndikadzamva ndekha, apitirize sukulu."

Lichero linatsala pang'ono kundigwa. Ine ku Dwangwa? Kukachapa matewera ndi kugulitsa masiwiti mpaka atandipezera mwamuna wosamudziwa? Ndinalira, koma misozi yake inali yaukali. Ndinapeta mpunga uja mwamkwiyo mpaka nkhuku zinakhuta.

Madzulo ake ana a madrasa atabalalika, Ababa anandiitana.

"Kodi chikukuvuta n'chiyani kwenikweni kusukuluko, mwanangu?"

"Mawu, Ababa. Ndi ambiri, sakukhala m'mutu."

"Ndi oti uwasunge pamtima?"

"Eya."

Anaseka mpaka kukhosomola. "Aaa! Iwe ukufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi. Ukuvutika kusunga mawu uli m'nyumba ya mwalimu?"

M'mawa mwake anapita kwa kalipentala, n'kubwerako ndi ubao watsopano. Anati umenewo ndi wa Chizungu basi, usayandikire maubao a mawu opatulika, ndipo uzipachikidwa paokha. Anandisungunulira inki ya mwaye, n'kundisongolera bango lolembera. Ndiye tinayamba. Lolemba ndikabwera kusukulu ndinkakopera mawu onse pa ubao, liwu ndi tanthauzo lake, kenako kukhala pamphasa, kupinda miyendo, kuyamba kuwerenga mokweza ndi kamvekedwe ka madrasa, thupi likugwedezeka. Ababa Chizungu sankachidziwa ngakhale moni, koma ndikangodumpha kanthu ankati, "Bwerera. Dzulo pamenepo panali patali kuposa apo." Ndikayang'ana pa ubao, ndithu ndadumphadi. Ndikawasunga onse osaphonya, ankandilola kutsuka ubao, kudikira Lolemba lina.

Abale inu, zinagwira! Lachisanu loyamba ndinakhoza onse. Lachiwiri lake chimodzimodzi. Aphunzitsi anayamba kunditcha dikishonale yoyenda, ndipo ine ndinatukumuka. Anyamata a m'kalasi amene ankandiseka kale ndinkawayankha ndi mphuno. Wina akandifunsa tanthauzo la liwu ndinkamuimbira lonse mosapumira, n'kumufunsa kuti, "Kodi kwanu mitu mumasenzera madzi okha?" Pakamwa panga panali pakuthwa kuyambira kale, ndipo apa panapeza ponolera.

Koma chilipo chimene ndinkachidziwa ndekha m'mimba. Ndikatsegula buku la jogalafe n'kukumana ndi limodzi la mawu anga, pakamwa pankayamba pokha kuimba tanthauzo, koma chiganizo chonsecho chinkangokhala chamdima. Mawu ndinali nawo ngati mbewu za m'nsupa, osadzala ndi imodzi yomwe. Ndinkati zimenezo zidzabwera zokha, n'kutseka buku.

Chaka chitatha, mawu onse amene aphunzitsi anakonzera Fomu 2 anali atadutsa pa ubao wanga. Ndinawauza Ababa monyadira kuti ndamaliza. Iwo anaitana amayi.

"Mwanayu wahitimu. Tiphike mpunga."

Kwathu mwana akamaliza kuwerenga Kurani timati wahitimu. Makolo amaphika mpunga, amaitana anthu, mwana amakhala pakati n'kuwerenga pamtima kuti onse amve kuti mwalimu wagwira ntchito. Amayi anagwira pakamwa.

"Iii, bambo inu! Kodi Chizungu amachiphikiranso mpunga?"

"Mwana akamaliza maphunziro, anthu amve. Alamu anati akufuna kumva ndi makutu awo. Abwere adzamve."

Ababa sankadziwa njira ina yoonetsera kuti munthu waphunzira. Ine ndikanatha kukana, koma ndinali nditayamba kale kuganiza za chitenje choti ndidzavale.

Tsikulo amayi ndi anzawo anaphika mpunga wa faya, fungo lake kumveka mpaka kumsewu, ndipo nkhuku zingapo zinataya mitu. Mphasa zinayalidwa pansi pa mango, amuna uku, amayi uku. Kunabwera asodzi, eni makoka, anthu a kumzikiti, makolo a ana a madrasa. Kunabweranso shehe wina wachinyamata amene anali atangobwerako kumaphunziro kunja, wolankhula Chiarabu ngati anabadwa nacho. Anthu ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti mwina ana awo azipita kwa iyeyo, koma ulemu wa Ababa unkawagwira miyendo. Amalume anatsika matola chakumasana, wailesi yawo yatsopano ili m'khwapa. Nthawi imeneyo wailesi sankaisiya, amati dziko likusintha tsiku ndi tsiku, munthu ukaphethira utsala.

Anthu atadya, Ababa anandikhazika pakati. Ndinali nditafunda mpango woyera kumutu, manja ali pamaondo. Ndinayamba ndi mawu a sabata yoyamba, liwu ndi tanthauzo, liwu ndi tanthauzo, mawu akutsetsereka okha. Sindinadodome ngakhale pamodzi. Nditaponya diso kwa Ababa ndinaona milomo yawo ikuyenda pamodzi ndi yanga. Anali atasunga Chizungu chonsecho ndi khutu, osamva kanthu. Nditamaliza, amayi anaimba nthungululu, agogo ena anadzandikumbatira akulira, ndipo eni makoka ena anati mwana ameneyu adzalankhula ndi azungu maso ndi maso. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinati Dwangwa yandiphonya.

Amalume sanaombe m'manja. Anayang'ana wotchi yawo, n'kukoka mlongoti wa wailesi pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

"Zikomo, nyimbo tamva, ndi yokoma. Tsopano nkhani za Chizungu zikuyamba. Mvetsera bwino, mwana iwe, utiuze akuti chiyani. Za Chichewa zikubwera pambuyo pake, titsimikizira pamenepo."

Anaika wailesi ija pamphasa patsogolo panga. Anthu onse anati zii, ngakhale ana.

Mayo ine! Bambo wa m'wailesi uja sankatchula liwu n'kudikira monga aphunzitsi athu. Ankathamanga, mawu akulumikizana, osadziwika pothera lina ndi poyambira lina. Mwadzidzidzi ndinamva significant, ndipo milomo yanga inayamba yokha kuimba tanthauzo lake. Pomwe ndimamaliza, munthu uja anali kutali. Ndinagwiranso consequence, kenako government, kenako palibe. Ndinkaona nyerere ikuyenda m'mphepete mwa mphasa itanyamula kambewu ka mpunga, ndipo ndinkaisirira.

Nkhani zija zinatha. Amalume anatsitsa mawu a wailesi.

"Eya, akuti chiyani?"

Ndikanangoti sindinamve. Koma maso onse aja anali pa ine, amayi ali chimwemwetere, Dwangwa ili pakhosi. Ndinaganiza mwachangu kuti masiku amenewo nkhani zonse zinkakhala za ndale. Ndiye ndinakweza mutu, n'kulankhula ndi mawu omwe aja odzikuza a m'kalasi.

"Akuti aphungu akangana kwambiri ku nyumba ya malamulo, ndipo boma lati zotsatira zake zikhala zazikulu."

Amuna anagwedeza mitu. Wina anati, "Amenewo ndiye ntchito yawo, kukangana." Ndinapuma pang'ono. Ndinkapemphera chamumtima kuti aphunguwo akhale atakanganadi.

Kenako za Chichewa zinayamba. Nkhani yoyamba inali yochenjeza asodzi kuti nyengo yotseka nyanja yayandikira, ndipo wopezeka akukoka khoka adzalandidwa. Eni makoka anadzidzimuka, kuyamba kufunsana, mpaka anandiiwala kwa kamphindi. Yachiwiri inali ya mvula. Yachitatu ya mpira. Aphungu sanatchulidwe ngakhale dzina, mpaka wowerenga anatsanzika. Amalume anatseka wailesi kuti thapu.

Mmodzimmodzi anthu anatembenukira kwa ine. Mwana wina anaseka, amake n'kumutsina. Agogo aja amene anandikumbatira anati mokweza, pofuna kundithandiza, "Mwina wa Chichewayu ndi amene walakwitsa." Apa ndiye anthu analephera kudzigwira, kuseka kunaphulika mbali ya amuna ndi ya amayi yomwe. Ine ndinakoka mpango kuphimba nkhope. Manyazi amene ndinamva, abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi mphasa yomwe. Kusamva kokha kukanachepa. Koma ndinanama pamaso pa anthu amene anali atangodya mpunga wa Ababa, ndipo nkhani imene ndinaiphonya inali ya nyanja yawo yomwe, ya makoka awo.

Amalume anatsitsa mlongoti, n'kunena mosakweza mawu, "Alamu, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndamva ndi makutu anga monga ndinanenera. Amake amulongedzere, mawa ndinyamuka naye."

Ndinamva mpando wandalema ukulira. Ababa anali ataimirira. Sindinawaone nkhope, ndinkangoona mapazi awo pansi pa mpango wanga.

"Alamu, ndi inu nonse abale anga, ndiloleni. Mwanayu waphunzira ndendende mmene ndinamuphunzitsira. Anabwera kwa ine atasowa chochita, ine ndinamupatsa njira yokhayo imene ndili nayo. Mawu a Mulungu kuwasunga pamtima ndi dalitso, ngakhale usanawamve onse. Koma Chizungu si pemphero, ndi cholankhulirana. Apo ndi pamene ndinasokoneza, ndipo ndinasokoneza ndine."

Ndinkaganiza kuti amaliza, koma anapitiriza.

"Ndinene zoona, poti lero ndi tsiku la zoona. Ine Kurani ndakhala ndikuiwerenga kuyambira ndili mnyamata, ndipo sindidumpha liwu, mukudziwa nonse. Koma shehe wathuyu atati andilankhule Chiarabu pano, ndingakhale duu ngati mmene wakhalira mwanayu. Matanthauzo amene ndimakuuzani mukandifunsa ndi amene anandiuza mwalimu wanga. Kupitirira pamenepo mulibe kanthu. Tsono alamu, ngati wosamva ayenera kuchotsedwa pa maphunziro, yambani ndi ine. Koma mwanayu mundisiyire, ayesere njira ina."

Palibe anaseka. Nditasuzumira ndinaona shehe wachinyamata uja atazolika, akutosatosa mphasa ndi chala. Makolo a ana a madrasa ankayang'ana kumbali. Ndinamvetsa bwino chimene Ababa anali atachita, ndipo manyazi oyamba aja anasanduka aang'ono. Munthu amene mudzi wonse unkamuvulira nsapato pakhomo anali atadzivula ulemu pamaso pa anthu chifukwa cha bodza langa.

Amalume anakanda kumutu. Mkulu akadzichepetsa chotero pagulu, kumukanira n'kovuta. Anangoti, "Mwatero alamu, ine ndinganenenji. Atsale." M'mawa mwake ponyamuka anaika wailesi ija pakhonde, n'kundiyang'ana ndi diso lofiira. "Mabatire muzigula nokha," anatero, n'kumapita kumsewu.

Ababa sanandimenye. Anangondiuza tili awiri kuti, "Kusamva si tchimo, mwanangu. Bodza lija ndiye usadzabwerezenso." Ndikanakonda kamtengo kaja.

Sabata zotsatira ndinkadutsa njira yakuseri popita kumjigo, poti anyamata a kudooko akandiona ankafuula kuti, "Aphungu akangananso lero?" Ine wa pakamwa pakuthwa uja ndinkangowerama. Sukulu itatsegulira ndinalowa Fomu 3 mwakachetechete. Ndinapita kwa aphunzitsi a Chizungu n'kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsamira njinga yawo, kenako anasiya kuseka. Anati ndizibweretsa ziganizo zanga pa buleki, azindichongera. Zoyambirira zinali zopindika moti inki yofiira inkachuluka kuposa yanga. Liwu lililonse ankafuna ndiliike m'nkhani ya kwathu, ya mpunga, ya makoka, ya amalume, mpaka litazolowera kukhala pakati pa anzake. Zinkayenda pang'onopang'ono, ndipo dzina lija la dikishonale yoyenda linafa lokha.

Kunyumba ntchito inali ya wailesi. Nkhani za chakumadzulo zinkagwera nthawi ya madrasa, choncho ndinkakhala m'nyumba pafupi ndi windo, khutu nditaligunditsa pa wailesi chifukwa cha phokoso la ana pakhonde. Za Chizungu zikatha ndinkawauza Ababa kudzera pawindo zimene ndamva, ndipo pamene sindinamve ndinkanena kuti sindinamve. Kenako ndinkakweza za Chichewa, iwo akumvetsera ndi khutu limodzi, linalo lili pa ana. Poyamba ndinkangotola mutu wa nkhani imodzi. Iwo ankati, "Mawa."

Za ana a madrasa palibe kholo limene linabwera kudzanena kanthu koipa. Kungoti uyu amake amati akudwala, uyo akuti wapita kwa azakhali ake, kenako n'kumuona akulowera kwa shehe wachinyamata uja ubao uli m'manja. Anthu ankawapatsabe moni Ababa mwaulemu panjira. Iwo sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Ankati ana akaphunzire kwa womva, n'zabwino. Ine ndinali kalikiliki ndi mawu anga, sindinkawerengera maubao opachikidwa pakhoma. Sindikumbuka n'komwe tsiku limene ndinasiya kukhala pawindo n'kuyamba kutulutsa wailesi panja.

Tsiku lina chakumapeto kwa chaka chimenecho, ndili pakhonde, Ababa ali pampando wawo, nkhani za Chizungu zinayamba. Ndinamva yoyamba yonse. Yachiwiri yonse. Mawu anga akale aja ankabwera ali pakati pa anzawo, ndipo milomo yanga sinagwedezeke. Zitatha ndinawafotokozera Ababa imodzi ndi imodzi mpaka ya mpira. Za Chichewa zinabwera ndendende mmene ndinanenera. Ndinalumpha ngati mwana, ndikufuula, "Ababa, mwamva? Ndamva zonse! Liwu lililonse limamveka bwinobwino!"

"Ndamva, mwanangu," anatero akumwetulira. "Masiku ano wailesiyi ikumveka bwino."

Ndi pamene ndinayang'ana pakhonde. Inali nthawi ya madrasa. Mphasa zinali zoyala monga mwa masiku onse, poti Ababa ankaziyalabe okha dzuwa likapendeka, ndipo kamtengo kanali pamiyendo pawo. Koma panalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala pansi pa mphasa zopanda anthuzo, n'kutseka wailesi.